Zikwama za Mayi Cueca

Mayi wina wonenepa ananyamula chikwamacho pamphasa, nachitembenuza uku ndi uku, nachinunkhiza ngati akugula nsomba. Anatsegula zipi ndi kusuzumira mkati.

"Chachokera kuti chimenechi?"

"Ndasoka ndekha, mayi," anayankha Ramla.

"Ooo, za pakhonde."

Mayiyo anachiponya pansi ngati chawatentha. Anasendera pa mulu wa kaunjika umene unali pafupi, nagula chikwama chosupukasupuka chimene mwini wake anatopa nacho kalekale kutsidya kwa nyanja.

Anthu a pa Chonde ndi otero. Chinthu chikachokera kunja, ngakhale chinunkhe thukuta la munthu wina, amachilandira ndi manja awiri. Koma chikhale cha mwana wa mnansi wawo, amayamba kufunafuna pamene ulusi wakhota.

Ramla anali mtsikana wa Fomu 3. Akaweruka kusukulu ankadutsa m'makonde a matelala kutola tizidutswa ta nsalu timene iwo ankafuna kutentha. Kunyumba ankatichapa, kutisita, ndi kutilumikiza pa makina akale a mayi ake mpaka tikhale chikwama. Sankasoka mwachisawawa. Ankayamba wakhala pamwala kuseri kwa nyumba, maso ali ku phiri la Mulanje, mpaka mitundu itabwera yokha m'mutu mwake. Kubiriwira kwa minda ya tiyi kunkapita pansi, kutuwa kwa miyala pakati, ndipo pamwamba ankaikapo kansalu koyera ngati mtambo umene umagona pa Sapitwa. Akamasoka ankaona zikwama zake zikukwera minibasi, zikutsika ku Limbe, zikulendewera pamapewa a anthu amene sanawaonepo. Koma Loweruka likafika, zikwamazo zinkangokhala pamphasa kumadya fumbi.

Mwini wa mulu wa kaunjika uja anali amalume ake, a Shabani, munthu wa lilime lotsekemera amene akanatha kugulitsa ambulera yobooka nthawi ya dzinja. Iwo anaona zonse zimene zinachitika.

"Iwe Ramla, ukugulitsa ngati ukupepesa maliro," anatero akuseka. "Munthu akakufunsa kuti chachokera kuti, sufunika kuyankha ndiwe. Chiyankhe chokha chikwamacho."

Anapisa m'thumba la jekete natulutsa kajumbo. Mkati munali timalebulo tambiri, tinsalu tija timakhala kukhosi kwa malaya tolembedwa dzina la amene anapanga. Tonse tinali takuda, tosalala, ndipo pa kalikonse panali mawu amodzi olembedwa ndi ulusi wagolide: CUECA.

"Ameneyu ndi ndani, amalume?"

"Ndi wamkulu kwambiri kunjako. Wallahi, kulibe mwamuna wolemekezeka amene samudziwa. Soka pachikwamapo uone."

Ramla anasoka. Loweruka lotsatira palibe amene anafunsa kumene zikwamazo zachokera. Amayi ankangosisita malemba agolidewo ndi chala, n'kumagwedeza mutu. Dzuwa lisanapendeke, pamphasa panatsala fumbi lokha.

Kuyambira tsiku limenelo Ramla anapeza mnzake wa m'maloto. Anaganiza kuti Cueca ayenera kukhala mayi, chifukwa dzina lokoma chotero silingakhale la bambo. Anawapatsa msinkhu wautali, tsitsi la imvi, ndi magalasi olendewera pa kaunyolo. Anawamangira nyumba ya mawindo aakulu mumzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, mmene nsalu zamitundumitundu zinkauluzika ndi mphepo. Makina akamalira, Ramla ankayankhula nawo chamumtima. Kodi kofiira aka kakhale apa, mayi? Ndipo Mayi Cueca ankavula magalasi, n'kuyang'anitsitsa, n'kunena kuti ayi mwanangu, katsitse pang'ono. Ngakhale m'kalasi, aphunzitsi akamalemba masamu pabolodi, iye ankakhala ali kutali, akukwera masitepe a nyumba ija atanyamula chikwama chatsopano. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kukhulupirira kuti zikwama zake zimakongola chifukwa cha dzinalo, osati chifukwa cha manja ake.

Mayeso a teremu atayandikira, aphunzitsi aakulu analengeza pa asembule kuti kukubwera mlendo. Dzina lake linali a Cathy. Iwo anakulira m'nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi, koma tsopano anali ndi shopu yawoyawo ku Blantyre, yosoka zikwama, malamba ndi ndolo. Ankafuna wachinyamata mmodzi wa ku Mulanje woti akakhale nawo tchuthi chonse, aphunzire ntchito, ndipo zinthu zake zikaikidwe pawindo la shopuyo. Aliyense wofuna anayenera kubweretsa chinthu chimodzi chopanga yekha ku holo ina ya pa Chitakale.

Ramla sanamvenso china chilichonse tsiku limenelo. Windo la shopu ku Blantyre! Analiona bwinobwino, lowala, anthu ataima panja akuloza.

Anasoka chikwama chimene anali asanasokepo. Pansi anayala mizere yobiriwira yokhotakhota ngati minda ya tiyi. Pamwamba pake anasokerera timikanda toyera tambirimbiri, kuti munthu akachigwedeza aziona ngati mvula yamawawa ikutsika m'phiri. Lamba wake analuka ndi khonje, ndipo mkati anaikamo nsalu yachikasu ngati nanazi wakupsa. Atamaliza anachiimika pawindo nachiyang'ana nthawi yaitali. Chinali chokongola, koma kwa iye chinkaoneka chamaliseche. Anakumbukira kuti aphunzitsi anati chinthu chopanga wekha. Nanga si anapangadi yekha? Dzinalo linali longothandizira kuti mlendoyo achiyang'ane kawiri. Anatenga lebulo imodzi naisoka kutsogolo penipeni, ndi msoko wothina kuti isadzachoke.

Tsikulo kunacha ndi chiperoni. Minibasi inkayenda ngati ikusambira mumkaka, ndipo phiri lonse linali litabisala. Ramla anafungatira chikwama chake mkati mwa mpango, akumwetulira yekha.

Muholo munali achinyamata ambiri, aliyense ataima kuseri kwa desiki. Wina anabweretsa malamba a matayala, wina zibangili za waya. Pafupi ndi Ramla panaima mtsikana wamfupi wa ku Muloza, kumalire ndi Mozambique, dzina lake Esteri. Iye anabweretsa ndolo zopangidwa ndi zitsekerero za mabotolo zokutidwa ndi chitenje. Ramla anaziyang'ana namumvera chisoni.

A Cathy anali mayi wochepa thupi, wovala nsapato zafulati, wosayankhulayankhula. Ankayenda pang'onopang'ono, akugwira chinthu chilichonse. Atafika pa desiki ya Ramla anaima. Ananyamula chikwamacho nachigwedeza, mikanda ija n'kunyezimira. Anachitembenuza kunja kukhala mkati, natsatira msoko ndi chikhadabo kuchokera uku mpaka uko.

"Iyi ndi mvula ya kwathu," ananena motsitsa, ngati akudziyankhulira.

Kenaka anachibweza bwinobwino, ndipo chala chawo chinaima pa malemba agolide. Nkhope yawo inasintha.

"Chemwali, chikwamachi mwachitenga kuti?"

"Ndasoka ndekha, anti."

"Nanga dzinali ndi lanu?"

"Ayi. Ndi la mayi wina wa kunja, wotchuka kwambiri pa zosokasoka."

"Munawaonapo mayi ameneyo?"

Ramla anatsegula pakamwa. Akanatha kufotokoza magalasi awo, imvi zawo, ngakhale mawindo a nyumba yawo.

Esteri, amene anali atasuzumira kuti aone, anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Ukuseka chiyani iwe?" anafunsa mnyamata wa malamba uja.

"Cueca!" Esteri analephera kudzigwira. "Kwathu kumalire timagula zimenezo ku Milanje, tsidya la Mozambique. M'Chipwitikizi ndi kabudula wamkati wa azibambo!"

Holo yonse inaphulika. Ena anakwera pamipando kuti aone. "Chikwama cha kabudula!" anakuwa wina kumbuyo. "Saizi yanji, asisi?" Ramla anaona ngati pansi pakutsetsereka. Nyumba ya mawindo aakulu ija inagwa mwakachetechete, nsalu zouluzika zija zonse zinasanduka makabudula oyanikidwa pachingwe.

"Basi!" A Cathy anamenya desiki ndi dzanja, phokoso n'kutha. Iwo sanaseke. Anatembenukira kwa Ramla nayankhula moti amve iye yekha.

"Agogo anga anachokera kutsidya komweko, ndiye mawuwa ndimawadziwa. Koma vuto si tanthauzo lake ayi. Likanakhala dzina la mfumukazi, vuto likanakhala lomweli. Ine ndabwera kudzafuna munthu woti ndimusiyire makiyi a shopu ndikamapita kogula nsalu. Mwandiuza kuti msoko ndi wanu, dzina ndi la wina. Ndikhulupirire ziti, ndisiye ziti?"

"Ndichotsa pompano, anti. Ndili ndi lezala."

"Mukachotse kunyumba, mosathamanga, mungaononge nsalu yabwinoyi."

A Cathy anachiika chikwamacho padesiki mwaulemu, ndi manja awiri, napitirira. Madzulo ake anatchula dzina la Esteri. Ndolo za zitsekerero zija ndi zimene zinapita ku Blantyre.

Ramla anawapeza amalume ake akumanga mabelo awo pamsika, mvula ikadali kuwaza.

"Amalume, munkadziwa?"

"Kudziwa chiyani?"

"Kuti Cueca ndi kabudula."

A Shabani anaseka mpaka kukhala pabelo. "Iii, ndani wakuululira? Tamvera, ndinaoda katoni yathunthu ya makabudulawo kumalire, makoswe n'kudya yonse, kusiya malebulo okha. Ndiye ndikanataya? Ndinakunamiza pati? Ndinati mwamuna aliyense wolemekezeka amamudziwa!"

"Andiseka holo yonse. Malo aja atenga wina."

"Aaa, za ku Blantyre zomwezo? Akanakakugwiritsa ntchito yaulere. Kuno zikwama zikuyenda. Ogula akowo Chipwitikizi amachidziwa? Bwera mawa, ndikadali ndi kajumbo kena."

Ramla anawayang'ana. Kwa nthawi yoyamba anaona kuti amalume ake akamaseka, maso awo saseka nawo. Anatembenuka n'kumapita.

Kunyumba anakhala pakhomo ndi lezala. Msoko unali wothina monga anafunira, ndipo anaudula kaulusi kamodzikamodzi. Lebulo itachoka, pansaluyo panatsala timabowo ta singano tozungulira ngati chipsera. Anayesa kusisita ndi chala, anayesa kusita, koma sitinatsekeke. Pamapeto pake anadula kachigamba koyera nakasokapo. Kachigambako kanaoneka kopanda kanthu. Anatenga ulusi wakuda, nayamba kulemba dzina lake ndi singano. Sanazolowere kulemba chotero, moti R anatuluka wopendekeka, ndipo chilembo chomaliza, a, chinapanikizika kumphepete. Anayembekeza kuti wina m'mutu mwake anena kuti katsitse pang'ono, mwanangu. Kunali zii. Anamaliza yekha.

Chikwamacho sanapite nacho kumsika. Anayamba kunyamuliramo makope akusukulu, ngakhale anyamata ena amene anamva nkhaniyo ankamuimbira mluzu panjira.

Tsiku lina akuchokera kusukulu mvula inamupeza pa siteji, nabisala pakhonde la golosale. Pambali pake panaima mayi wina wovala pulasitiki yothyolera tiyi, madzi akuchucha m'mphepete mwake. Mayiyo ankapukuta kafoni kawo ndi nsonga ya chitenje, akung'ung'udza. Kenaka maso awo anagwera pa chikwama chija.

"Ra-m-la," anawerenga movutikira. "Ndi kampani ya kuti imeneyi?"

"Si kampani, mayi. Ndine."

"Iwe? Wasoka iweyo?"

"Eya."

Mayiyo anayang'ana chikwamacho, nayang'ana zala za Ramla zokhala ndi zipsera za singano.

"Ndiye Mulungu wandikumanitsa nawe. Ine ndine Anesi, ndimathyola tiyi. Taona, foni yachiwiri iyi, inzake inafa ndi madzi m'munda. Ndazungulira kaunjika yense kufuna kachikwama kakang'ono komanga m'chiuno, kosalowa madzi, koti kasamakole dengu kumsanaku. Kulibe. Azungu a kaunjikawo sathyola tiyi. Iwe sungandisokere?"

Ramla anayang'ana mvula imene inkatsika padenga. M'mutu mwake kachikwamako kanayamba kale kuoneka: kunja nsalu yolimba, mkati pulasitiki ya mapaketi a shuga, pamwamba kachivindikiro kogwera pansi ngati denga, kuti madzi azitsetsereka.

"Lamba wake azimangira kumbali, osati kumbuyo," anatero pang'onopang'ono. "Mumathyola ndi manja onse awiri eti? Ndiye zipi ayi, ivuta ndi zala zonyowa. Tiikepo batani lalikulu."

"Ehee! Lalikulu ndithu. Ndipo tilipo ambiri kumundako, ukakonza bwino akudziwa onse."

"Tabweretsani foniyo, mayi."

A Anesi anamupatsa. Ramla anaigoneka pachikhatho chake, nayamba kuiyeza ndi zala.