Nkhope ya Mayi pa Thumba la Ufa

Pakhomo pa a Quansah ku Sekondi panali pa mtendere. Bambo anali kalipentala komanso mkulu wa mpingo. Mayi, a Araba, ankaphika buledi yemwe ankatha dzuwa lisanafike pamutu. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Fiifi, ndipo Mulungu anamupatsa dzanja lodziwa kujambula. Chomwe chinamuperewera ndi nzeru basi.

Masiku amenewo kanema ankaonetsedwa m'zisakasa, ndipo chokopera anthu chinali chithunzi chopentedwa pa matumba a ufa wa tirigu osokedwa pamodzi. Fiifi anasiya ntchito yolemba zikwangwani yomwe bambo ake anamupezera, n'kumaswera m'chisakasa cha Yoofi, mkulu wina wadzino lagolide yemwe ankayendetsa kanema m'midzi.

"Mwananga, dzanja lakolo ndi mphatso," bambo ake anamuchenjeza. "Kwa Yoofi ukungoliviika m'matope."

"Bambo, inu mumangodziwa mabenchi a kutchalitchi," anayankha Fiifi, osawayang'ana n'komwe.

Kenaka Yoofi anabwera ndi kaseti yatsopano, ya nkhondo ya anamapopa ndi anthu osanduka mimbulu. Zachabechabe zenizeni! Azungu otuwa ngati odwala, atavala makhoti aatali kunja kulibe mvula, ankalumana ndi anzawo omera ubweya mwezi ukawala. Chomwe ankalimbirana sankachidziwa aliyense, ngakhale mwini kasetiyo. Koma Fiifi anaonera pakamwa pali yasa, ngati waona kumwamba kutatseguka.

"Aise, ndipentere mfumukazi ya anamapopa," anatero Yoofi. "Ikhale yoti munthu akaiona tsitsi liimirire. Magazi usaumire ayi. Matumba kwanu ndi mbwee, ukudikira chiyani?"

Fiifi anapita kunyumba, koma anapeza matumba opanda kanthu mayi ake atagulitsa. Anatenga awiri odzaza, n'kukhuthula ufa wonse m'ngalande. A Araba anatsata mkukuluzi wa ufawo mpaka kuchisakasa, ndipo anamupeza ali pakati pa anzake.

"Iwe Fiifi! Chakudya cha anthu m'ngalande chifukwa cha agalu a m'kanema? Kodi ndinakubereka kapena ndinakutola? Ndevu zonsezo, mutu ulibe kanthu!"

Anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mayi ake atachoka, Yoofi anamupatsa kapu ya akpeteshie, kachasu uja wowotcha pakhosi.

"Imwa, mwana wa amayi, upukute misozi. Komatu amayi akowo akakwiya, namapopa weniweni achepa!"

Mawu amenewo anamera m'mutu mwa chitsirucho. Fiifi anamwa, anamwanso, n'kutenga burashi. Anapenta mfumukazi ya mano aatali, magazi akuchucha pachibwano, mimbulu itafa kumapazi kwake. Koma nkhope inali ya a Araba: mpata wa m'mano uja, kachipsera ka patsaya, ngakhale duku lawo lobiriwira la kumsika. Sanajambulepo bwino chotero chibadwire.

Yoofi ataona anawomba m'manja. "Usafufute kanthu, aise! Apa ndiye wagwira ntchito."

Kutacha, anyamata awiri ananyamula chithunzicho n'kuzungulira nacho m'tauni akuimba belu. Anadutsa nacho pamsika, pamaso pa a Araba enieniwo, buledi ali pamutu. Anthu onse pamsika anatembenuka kuwayang'ana. Kenaka manong'onong'o anayamba.

"Si a Araba awo?"

"Ndi iwowo. Ndipo wajambula ndi mwana wawo."

"Aa, mwana sanganamizire mayi ake. Waona zomwe zimachitika m'nyumbamo."

"Paja mwana wa a Ekua anafa atauma magazi. Buledi ankadya wa ndani?"

Tsiku limenelo buledi anabwerera kunyumba yense. Mawa lake chimodzimodzi. Amayi omwe ankaimba nawo kwaya anayamba kukokera ana awo kumbali akakumana nawo panjira. A Quansah anauzidwa kuti ayambe apuma kaye pa ukulu wa mpingo. Uvuni unazizira.

Mowa utamuthera m'mutu, Fiifi anathamangira kwa Yoofi.

"Achimwene, ndibwezereni chithunzi chija ndikachiwotche."

"Chithunzi chiti? Chinakwera lole ndi kaseti, chili m'midzi uko. Anthu akudzaza mpaka panja. Ukulira chiyani, si iwe unapenta?"

Fiifi anabwerera kunyumba n'kugwada pamaso pa mayi ake, mamina ali chuchuchu.

"Amayi, ndinali nditaledzera. Ndikhululukireni."

"Dzuka," anatero a Araba, mawu ali pansi. "Ine ndakukhululukira. Kauze anthuwo."

Anayendadi khomo ndi khomo, kulumbira kuti zonse zinali mowa ndi mkwiyo. Anthu ankamumvetsera mwachisoni, iye akangotembenuka n'kumati, "Mwamuona? Mayi ake amuopseza usiku." Akamakana kwambiri, iwo ankakhulupiriranso kwambiri. Madzi akatayika sawoleka.

Pomaliza a Araba anamanga katundu kuti akayambirenso kwa mlongo wawo ku Axim, komwe anthu sankawadziwa. Fiifi anawanyamulira mtolo. Atangotsika lole, ana omwe ankasewera pasiteshoni anawayang'ana kamodzi, n'kubalalika akukuwa, "Namapopa! Namapopa wabwera!" Kanema uja anali atafika kale kumeneko.

A Araba anakhala pansi pafumbi pomwepo, n'kufunda nsalu kumutu. Sanaphikenso buledi mpaka imfa yawo.

Inu achinyamata, imvani. Mowa ndi mkwiyo zimatha m'mawa, koma chomwe dzanja lachita izo zili m'mutu chimatsala, ndipo chimayenda kuposa mwini wake. Amene wanyoza mayi ake pagulu angalire, angagwade, angakhululukidwe, koma dzina lomwe waipitsa sadzalitsukanso.