Saratu ndi Mphepo ya Kum'mawa

Saratu ndi mwana wa kwathu ku Zinder. Saratu ankafuna lale m'manja mwake. Lale ndi phala la masamba. Limafiiritsa manja pa ukwati. Koma lale limafuna munthu wokhala phee. Saratu sakhala phee. Ayi ndithu, ameneyo sakhala phee.

Ukwati wa achemwali ake, a Balkisa, unali mawa lake. A Balkisa anapaka lale. Amayi anapaka lale. Anansi anapaka lale, manja ndi mapazi omwe. Anakulunga ndi tinsalu. Anakhala pamphasa, miyendo tambalale. Sankagwira kanthu. Sankayenda. Lale likanawonongeka.

Saratu anathamangira kukhola. Anabwerera. Anakwera pamtondo. Anatsika.

"Iwe, uli ngati nkhuku yofuna poikira," anatero amayi. Anati adzamupaka akakhazikika. Saratu zinamuwawa kwambiri.

Pamwamba pa nyumba yawo mpafulati. Pamenepo panali chingwe. Pachingwe panali nsalu ya ukwati. Amayi anainyika okha mu utoto masiku atatu. Inali imodzi yokhayo.

Foni inalira. Inaliranso. Amayi anayang'ana manja awo. A Balkisa anayang'ana manja awo. Saratu anali ataitola kale.

Anali azakhali a Ramatu. Iwo amagwira ntchito ku ofesi ya zanyengo. Amaona zithunzi za mitambo pakompyuta. Anati mpweya wotentha wa kuchipululu wakumana ndi mpweya wonyowa. Anati mitambo ya mabingu yandanda kum'mawa. Yapanga mzere wautali. Mzerewo ukubwera kuno.

"Mvetsa, Saratu," anatero azakhali. "Mphepo ifika mvula isanafike. Ndi yosasula madenga. Mwatsala ndi theka la ola."

Saratu anauza amayi. Amayi anayang'ana kumwamba. Kunali mbee. Anaseka. Anati a Ramatu ndi makina awowo amangoopseza anthu.

Saratu sanaseke. Anakwera makwerero. Anayang'ana kum'mawa. Kutali kunali chifumbi chofiira. Chinali chachitali kuposa nyumba zonse.

"Amayi, ikubweradi."

Amayi analeka kuseka. "Nsalu, mwanangu. Anula nsalu."

Saratu anaanula nsalu. Anaipinda msangamsanga. Anatsika nayo. Anaiika m'bokosi. Anathamangira kukhola. Anatsekera mbuzi. Anathamangira kumazenera. Anatseka lina. Anatseka linanso.

Nanga a lale aja? Analowa m'nyumba chokhwekhwereza, manja ndi mapazi m'mwamba. Zinali zoseketsa, koma palibe anaseka.

Saratu anatseka chitseko. Mphepo inafika. Kunja kunada. Mchenga unamenya chitseko. Lata la anansi linauluka. Mabingu anagunda. Kenako mvula inagwa.

Mvula itakata, onse anatuluka. Chingwe chija panalibe. Mphepo inapita nacho. A Balkisa anatsegula bokosi. Nsalu inali momwemo, yopanda ndi fumbi lomwe. Misozi inalengeza m'maso mwawo.

Amayi anaimbira azakhali a Ramatu. Anathokoza. Za makina sanatchulenso.

A Balkisa anatenga mbale ya lale. "Bwera kuno, Saratu. Ndikupaka ndekha."

Saratu anakhala pamphasa. Anatambasula manja. Manja anali phee. Mutu unali phee. Zala za kumapazi zokha ndizo zinkavina.

Amayi anaziona zalazo. Anamwetulira.

"Zisiyeni zivine," anatero. "Zagwira ntchito lero."