Matiki Obiriwira a Kapensulo

Nyumba ija inkanunkhira matabwa kuyambira pachipata mpaka kuchipinda chogona. Funsani aliyense amene anakulira mumsewu umenewo, akuuzani kuti m'mawa sankadzutsidwa ndi tambala ayi, ankadzutsidwa ndi sowo ya akalipentala. Kuseri kunali shedi yawo, pakhonde panali mashini osokera a akazi awo, ndipo pakati pa ziwirizi pankathamanga kamtsikana kamodzi kokha, pensulo ili pakhutu ngati bambo ake. Aliyense ankangomuti Kapensulo.

Anali masiku abwino, abale. Chuma munalibe m'nyumbamo, koma kuseka kokha kunkachita kusefukira. Asanadye ankapemphera, ndipo akalipentala akayamba pemphero chakudya chinkafika pozizira, mpaka akazi awo ankawagunda ndi chigongono.

Ntchito yawo yeniyeni inali madenga. Sukulu sanapite nayo patali, choncho denga lililonse ankaliyeza pokwera okha pamwamba ndi chingwe. Zaka makumi atatu akuchita zimenezo, mawondo anatha. Adokotala anawauza mosapita m'mbali kuti makwerero awaiwale.

“Mawondo anga ndinawasiya pamadenga a eni,” ankatero akuseka.

Tsiku limene Kapensulo anasankhidwa kupita ku koleji kukaphunzira zomangamanga, bambo ake anamuitanira mushedi.

“Ndamva kuti kumeneko kuli masamu oyezera denga munthu uli pansi. Ukandiphunzirire amenewo, mayi wanga, kuti ine ndisadzakwerenso.”

“Musadandaule, ababa. Zokwera mwathana nazo.”

Masamuwo analipodi, dzina lake tirigonometire, masamu a ngodya. Aphunzitsi ankaphunzitsa m'kalasi, koma homuweki yonse inkachitikira pa intaneti. Kompyuta inkafunsa funso, iwe n'kuwerengera, n'kulemba yankho, iyo n'kuchonga pomwepo. Ukakhoza, katiki kobiriwira. Ukalakwa, ekisi wofiira. Inkakupatsa mwayi katatu, ndipo ukalephera katatu konse inkakuonetsa yankho, kenako n'kukupatsa funso lina la manambala atsopano.

Milungu yoyamba Kapensulo ankalimbikira. Masana ankakhala pawindo la mulaibulale, kope lodzaza ndi timakona, kufufuta mpaka pepala kubooka. Katiki kobiriwira kakatuluka ankafuna kuvina. Mpaka lero akakumbukira masana amenewo mtima umamuwawa, chifukwa sanadzakondwenso choncho.

Mwezi wachiwiri zinthu zinalimba. Zigawo za masamuwo zotchedwa sayini, kosi ndi tani zinayamba kumusokonekera m'mutu, ndipo ma ekisi ofiira anangoti ndandanda. Tsiku lina akulimbana nazo, anamupeza mnzake wogona naye chipinda chimodzi, mtsikana wa pakamwa potsekemera amene anzake anamutcha Chidule. Ameneyu ngakhale popita ku bafa ankafuna njira yodutsira.

“Aise, ukudzipheranji? Tabwera nayo kuno laputopuyo.”

Chidule analemba 1, ekisi. Analembanso 1, ekisi. Kachitatu 1, kompyuta n'kuonetsa yankho. Iye anakopera yankholo padzanja, n'kutseka tsambalo msangamsanga funso latsopano lisanabwere. Atatsegulanso, funso lomwe lija linabwerera ngati silinayankhidwepo. Analemba za padzanja zija. Katiki kobiriwira, ng'ani!

“Koma si kuba kumeneku?” anafunsa Kapensulo.

“Wabera ndani? Kompyuta ili ndi mayi ake oti akalira? Iyo ikufuna nambala, iwe waipatsa nambala. Tiye tikayende, moyo ndi waufupi.”

Kapensulo anadziuza kuti achita funso limodzi lokha, lovutitsitsa lija. Mawa lake anachita atatu. Pofika kumapeto kwa mwezi homuweki ya maola awiri ankaimaliza madzi a tiyi asanawire. Ndiye poti homuweki ikuyenda yokha, kukalasi n'kukatani? Anayamba kujomba.

Aphunzitsi a masamu, bambo wodekha wa magalasi okhuthala, anamuitana ku ofesi.

“Kompyuta ija imasunganso nthawi, mwana wanga. Funso lililonse ukumaliyankha m'masekondi makumi anayi. Ine amene ndakalamba nawo masamuwa sindingathe. Ukutani?”

“Ndimayamba ndawerengera papepala, sala.”

Aphunzitsiwo anati: “Umboni ndilibe. Koma makina amachonga yankho, sachonga mutu. Wakutsina khutu ndi mnansi.”

Kapensulo anatuluka akuseka chamumtima. Kalanga ine, akanadziwa!

Pa tchuthi anabwerera kwawo ndi foni yodzaza matiki, zana pa zana. Akalipentala anayenda nayo foniyo msewu wonse, kuonetsa ometa tsitsi, ogulitsa makala, ngakhale anthu ongodutsa. Koma amayi ake, posanja katundu wake, anatsegula kope la masamu lija. Masamba oyambirira anali akuda bii ndi zofufuta. Otsatira onse anali oyera mbee.

“Iwe, tabwera kuno. Ine ndikasoka pansi pamagwa tizidutswa ta nsalu. Bambo ako akapala thabwa pamagwa utuchi. Nanga masamu akowa ndi ntchito yanji yosasiya zinyalala?”

“Amayi, za masiku ano n'zapakompyuta. Simungazimvetse.”

“Kompyuta sindiidziwadi,” anatero mayiwo akutseka kopelo, “koma iwe ndimakudziwa. Chosamva anachiphikira m'masamba.”

Mlungu womwewo akalipentala anapatsidwa ntchito yaikulu, denga la holo ya sukulu ina. Omanga anali atamaliza makoma, nsonga za mbali ziwiri zili chilili, ndipo mtanda waukulu wapamwamba unali utaikidwa kale. Chotsala chinali kudula mapaso, matabwa otsetsereka kuchoka pamtandapo kufika pakhoma. Anabwera ndi pulani kunyumba, nkhope ikuwala, n'kuiyala patebulo.

“Tsiku lija lafika, mayi wanga. Holoyi m'lifupi ndi mamita khumi ndi awiri. Apa alemba kuti denga lipendekeke madigiri makumi atatu ndi asanu. Ndiuze, phaso lililonse ndidule lotalika bwanji?”

Kapensulo analowa kuchipinda ndi kalikuleta. Anakumbukira mwa apo ndi apo, za milungu yoyamba ija, kuti theka la m'lifupi amaligawa ndi kosi. Anadina. Nambala inatuluka, koma ili ndi mainasi kutsogolo.

Wophunzira aliyense amene anatuluka thukuta pa homuweki akanadziwa pomwepo kuti kalikuletayo yatcheredwa pa muyeso wina wa ngodya, osati madigiri, ndipo kukonza kwake n'kudina batani limodzi basi. Aphunzitsi anazinena kambirimbiri m'makalasi amene iye anajomba. Kapensulo anangoiyang'ana nambalayo, kudikira tiki kapena ekisi. Panalibe chomuchongera, panalibenso tsamba loti atseke n'kutsegulanso. Anafufuta mainasiyo n'kutuluka.

“Mamita asanu ndi limodzi ndi masentimita 64, ababa.”

Akalipentala anakanda m'mutu. “Diso langa likuti n'lalifupi. Koma diso la nkhalamba lingapose koleji? Watsimikiza?”

“Ndatsimikiza.”

Chiyambire ntchito yawo, iwo ankadula phaso limodzi n'kukaliyesa kaye. Ulendo uno, pofuna kulemekeza sukulu ya mwana wawo, anadula onse makumi anayi tsiku limodzi, akuimba nyimbo za kutchalitchi.

M'mawa mwake anamutenga kuti akaone ntchito ya mutu wake. Panali ahedi a sukuluyo, omanga, ndi aganyu awiri onyamula matabwa. Aganyuwo anakweza phaso loyamba. Mutu wake unagona pamtanda, koma kumunsi kwake kunangolendewera m'malere, kutsala pafupifupi mkono wathunthu kuti lifike pakhoma. Anayesa lachiwiri, chimodzimodzi.

“Amisiri, mwadula nkhuni zophikira kodi?” anatero womanga wina, anzake n'kuphulika kuseka.

Akalipentala anakwiya kwambiri. “Mwana wanga sangalakwitse! Ali ndi zana pa zana ameneyu. Ndinu mwakweza mtanda mopitirira. Bweretsani makwerero ndikayeze ndekha!”

“Musakwere, amisiri, tiyeza ndife,” anatero waganyu wina.

“Choka apo! Mukufuna mundinamize kuti mumuchititse manyazi.”

Anatenga tepi n'kuponda sitepe yoyamba. Kapensulo anaima pansi. Mawu anali pakamwa penipeni: ababa, tsikani, ndine ndalakwa. Koma anayang'ana ahedi, anayang'ana omanga aja, manyazi n'kumugwira, mawuwo n'kuwameza. Anawaona bambo ake akukwera pang'onopang'ono, akukoka mwendo uliwonse ngati thumba la simenti. Atafika pamwamba anatambasula dzanja kuti akole tepi pamtanda, ndipo bondo lamanzere linangopinda.

Kugwa kwawo Kapensulo safuna kukukamba, inenso sindikukamba.

Anapulumuka, koma msana unathyoka. Patapita masiku anayi, masana a dzuwa, Kapensulo anagwada pambali pa bedi lawo kuchipatala n'kuulula zonse: za 1 katatu, za kutseka tsamba, za kujomba, za mainasi uja. Amayi ake anatembenukira kukhoma akulira.

“Matabwa si kanthu, mitengo ina imera,” anatero akalipentala, mawu ali pansipansi. “Kusadziwa masamu si tchimo, inenso sindiwadziwa. Koma makwerero aja ali ndi masitepe khumi ndi anayi, mayi wanga. Ndinkawawerenga pokwera. Pa sitepe iliyonse ukanatha kundiitana.”

Kapensulo analira kulira kosatonthozeka. Bambo ake anamusisita kumutu, pakuti anali atamukhululukira, koma madzi akatayika saoleka.

Koleji itatsegulidwa anapita yekha kwa aphunzitsi aja n'kupempha kuti matiki ake onse afufutidwe. Anabwereza chaka. Chidule anamuseka kuti wapenga, koma mayeso olemba papepala atafika Chiduleyo analephera, n'kuchotsedwa sukulu. Kapensulo anakhoza movutikira, ndi malikisi apakatikati, ake enieni. Lero amawerengera denga lililonse molondola ali pansi, monga anawalonjezera bambo ake. Akamaliza amapita kukawatembenuza pabedi kuti asachite zilonda.

Ana inu amene mukuphunzira ndi makompyuta, ndimvereni. Kubera homuweki ndi bodza, ngakhale wonamizidwayo akhale makina. Makina mungawapusitse, aphunzitsi angasowe umboni, koma tsiku likubwera limene munthu wokukondani adzaika moyo wake pa zimene munanena kuti mumadziwa. Ngati simukudziwa, nenani kuti simukudziwa, ndipo nenani iye asanayambe kukwera.