Kabatani Asoka Buku

Kabatani anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Anali wamfupi. Anali wobulungira. N'chifukwa chake amayi ake ankamutchula Kabatani.

Kabatani anali ndi khadi la ku laibulale. Khadilo linali lachikasu. Ankalisunga m'thumba la diresi. Popita kusukulu ankaligwiragwira. Pobwera kusukulu ankaligwiragwira. Sankafuna kuti munthu amulande khadi lake.

Amayi ake anali atelala. Makina awo osokera anali pafupi ndi windo. Tsiku lonse makinawo ankalira, tiki-tiki-tiki! Pansi pankagwa tizidutswa ta nsalu.

Thumba likabooka, kiyi ankagwa. Amayi ankati, "Tisoke, chisatuluke."

Pilo akang'ambika, thonje linkatuluka. Amayi ankati, "Tisoke, chisatuluke."

Kabatani ankamva. Ankaonanso mmene amayi ankagwirira singano. Mwana ameneyu maso ake sankaphonya kanthu.

Laibulale inali chipinda chimodzi chachitali. Munali mashelefu anayi. Pa shelefu yoyamba panali mabuku akalekale. M'mabukuwo munali mafumu ndi oyendetsa zombo. Pa yachiwiri panali mabuku a ana. M'menemo nyama zinkavala nsapato. Pa yachitatu panali mabuku a zodabwitsa. M'menemo njoka zinkauluka, mitengo n'kumayankhula. Pa yachinayi panali mabuku a anyamata ndi atsikana akuluakulu. Kabatani anasuzumiramo kamodzi. Anapeza anthu ongoyang'anana n'kumausa moyo. Sanabwererekonso.

Woyang'anira laibulale anali bambo wamtali. Magalasi awo ankakhala pansonga ya mphuno. Ana onse ankawatchula a Magalasi.

A Magalasi anali ndi lamulo limodzi lokha. Ankati, "Wowononga buku, khadi lake m'kabati."

Kabatiyo inali pansi pa tebulo lawo. Munkagona makhadi ambiri achikasu.

Lachisanu lina, Kabatani anasankha buku pa shelefu yachitatu. Pachikuto panali bakha wovala chipewa chobiriwira.

A Magalasi anadinda bukulo. Pha!

"Ubweze Lachisanu likudzali," anatero.

"Chabwino, bambo," anayankha Kabatani.

Kunyumba anakhala pansi, pafupi ndi makina. Anatsegula buku. Anayamba kuwerenga.

Bakha uja dzina lake anali Bakha Wachipewa. Ankakonda chipewa chake. Ankasamba nacho. Ankagona nacho. Kabatani anamukonda nthawi yomweyo.

Anatembenuza tsamba. Kunabwera mphepo. Mphepo inaulutsa chipewa. Bakha anachithamangira.

Anatembenuza tsamba. Chipewa chinadutsa paminga. Bakha anadutsa paminga.

Anatembenuza tsamba. Chipewa chinalowa m'phanga. Bakha anaima pakhomo la phanga.

Pachithunzi panali mdima. Mumdimamo munatuluka dzanja. Linali dzanja la chimphona. Linali lalikulu. Linali laubweya. Linagwira chinthu chachitali, chosongoka.

"Mkondo!" anatero Kabatani.

Anatseka buku. Phwa! Anachita mantha.

Loweruka anatsegulanso buku. Mphepo inaulutsa chipewa. Bakha anaima pakhomo la phanga. Dzanja linali pomwepo. Kabatani anatseka buku.

Lamulungu anatsegulanso. Dzanja linali pomwepo. Anatsekanso.

"Ndikatembenuza tsamba, chimphona chituluka," anaganiza motero. "Chimubaya bakha wanga."

Akanatha kufunsa amayi. Sanafunse. Paja safunsa anadya phula.

Lolemba masana amayi anapita kukapereka diresi kwa mwiniwake. Makina anali chete. Kabatani anayang'ana buku. Anayang'ana singano. Anakumbukira mawu a amayi.

"Tisoke, chisatuluke," ananong'ona.

Anatenga singano. Anatenga ulusi wofiira. Anaunyowetsa ndi malovu. Ulusi unalowa pasingano.

Kutsogolo kwa phanga kunatsala masamba asanu ndi limodzi. Kabatani anawagwira onse pamodzi. Anasoka pamwamba. Anasoka m'mbali. Anasoka pansi. Anamanga mfundo. Anadula ulusi ndi mano.

Kunena zoona, anasoka bwino. Msoko unali wowongoka. Make mbuu, mwana mbuu.

"Tsopano sichituluka," anatero Kabatani. Mtima wake unakhala pansi.

Lachiwiri anatsegula buku. Bakha anali pakhomo la phanga. Anali bwinobwino.

Lachitatu anatsegula buku. Bakha anali pakhomo la phanga. Analibe chipewa.

Lachinayi anatsegula buku. Bakha anali pomwepo. Kabatani anaona pamene anadinda a Magalasi. Mawa linali Lachisanu. Anakumbukira lamulo lija. Wowononga buku, khadi lake m'kabati.

Anagwira thumba la diresi. Khadi linalimo. Koma mawa likakhala kuti?

Tsiku limenelo Kabatani sanasewere. Anangokhala duu, buku lili pamiyendo.

Makina anasiya kulira. Amayi anamuyang'ana.

"Iwe Kabatani, wadwala?"

"Ayi, amayi."

"Nanga bwanji uli zii?"

Kabatani anangoyang'ana buku lija. Amayi anatenga buku. Analitembenuza. Anaona ulusi.

"Aa! Ulusi wanga wofiira ukutani m'buku la eni?"

Kabatani anangoti zyoli. Misozi inalengeza.

"Ndinasoka kuti chimphona chisatuluke," anatero.

Amayi anayang'ana msoko. Anayang'ana mwana wawo. Anagwira pakamwa. Mapewa awo anagwedezeka pang'ono.

"Amayi, tidule ulusiwo," anatero Kabatani. "A Magalasi sadziwa."

"Tikadula, timabowo titsala," anatero amayi. "Singano siyenda osasiya njira. Mawa tipitira limodzi. Ukanene zoona."

"Akandilanda khadi."

"Mwina akakulanda. Komabe ukanene."

Lachisanu masana anapita ku laibulale. Amayi anatenga kasizasi kawo. Kabatani anatenga buku. Ankayenda pang'onopang'ono. Njira yaifupi ija anaitalikitsa.

A Magalasi anali patebulo lawo.

"Takulandirani, mayi," anatero.

"Zikomo, bambo," anatero amayi. "Mwanayu ali ndi mawu."

Kabatani anaika buku patebulo. Anaika khadi pambali pake.

"Bambo, ndasoka buku lanu," anatero.

"Wachita chiyani?"

"Ndalisoka."

A Magalasi anakankha magalasi awo. Anatsegula buku. Anakhudza ulusi wofiira ndi chala.

"Ndaona mabuku ong'ambika," anatero. "Ndaona mabuku onyowa. Ndaona buku lotafunidwa ndi galu. Koma losokedwa, ayi. Ili ndi loyamba. Unasokeranji?"

"Chimphona chili ndi mkondo. Chimafuna kubaya bakha."

"Ndiye wamupulumutsa?"

"Inde, bambo."

"Ali kuti tsopano?"

"Ali pakhomo la phanga."

"Chipewa chake wachipeza?"

"Ayi."

"Kwawo wabwerera?"

"Ayi."

"Wadya?"

Kabatani anapukusa mutu.

"Masiku onsewa ali chiimire," anatero a Magalasi. "Alibe chipewa. Dzuwa likumuwotcha pamutu. Iwe ukapanda kuwerenga, iye sayenda."

Kabatani anayang'ananso pachithunzi. Zimenezo sanaziganize. Anamumvera chisoni bakha wake.

"Dula ulusi wekha," anatero a Magalasi. "Uwerenge mokweza. Za khadi tikambirana ukamaliza."

Amayi anamupatsa kasizasi. Kabatani anadula mfundo. Anasolola ulusi pamwamba. Anasolola m'mbali. Anasolola pansi. Masamba anamasuka.

Anagwira tsamba. Anaima.

"Ndikuopa," anatero.

"Ine ndili pano," anatero amayi.

Kabatani anatseka diso limodzi. Anatembenuza tsamba.

Chimphona chinali m'phanga. Chinali ndi mano atatu okha. Chinakhala pansi, miyendo chitapinda. Pabondo pake panali chipewa chobiriwira. Minga inali itaching'amba. Chimphona chinali kusoka chipewacho.

Kabatani anatsegula diso linalo. Anayang'anitsitsa. Chinthu chachitali chija chinali ndi bowo kumapeto. Pabowopo panali ulusi.

"Si mkondo!" anafuula. "Ndi singano!"

Amayi anaseka. Anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mwana wa telala osadziwa singano!" anatero.

"Koma ndi yaikulu, amayi!"

"Shii," anatero a Magalasi. "Muno ndi mu laibulale." Koma nawonso ndevu zawo zinkagwedezeka.

Kabatani anawerenga mokweza.

"'Dikira pang'ono, iwe bakha,' chinatero chimphona. 'Ndatsala pang'ono kumaliza.'"

Anatembenuza tsamba. Chimphona chinadula ulusi ndi dzino limodzi. Anatembenuza tsamba. Chinamuveka bakha chipewa. Anatembenuza tsamba. Bakha anathokoza. Anatembenuza tsamba. Bakha anabwerera kwawo akuvina.

Buku linatha. Kabatani anapuma. Anasangalala kwambiri.

Kenako anaona timabowo. Tinali m'mbali mwa tsamba lililonse. Tinali tating'ono, koma tinalipo. A Magalasi anationanso.

"Lamulo ndi lamulo," anatero.

Anatenga khadi lachikasu. Anatsegula kabati. Analiikamo. Anatseka.

Kabatani anagwira thumba la diresi. Munalibe kanthu. Koma sanalire.

A Magalasi anawerama. Anatulutsa katoni pansi pa tebulo. M'katonimo munali mabuku odwala. Ena anathothoka masamba. Ena anavula zikuto.

"Amenewa ndiwo akufuna singano," anatero. "Ine zala zanga n'zazikulu. Maso anganso atopa. Iwe msoko wako ndi wowongoka. Ukachiritsa buku limodzi, khadi lituluka m'kabati."

"Lero lomwe?" anafunsa Kabatani.

"Lero lomwe. Koma umve bwino. Buku timasoka kumsana. Sitisoka kukamwa."

Kabatani anasankha buku lakalekale. Linali la mfumu yoyenda panyanja. Masamba apakati anali atathothoka. Mfumu inali m'buku, koma tsamba la chombo chake linali pansi m'katonimo.

Amayi anatulutsa singano m'chikwama. Telala sayenda wopanda singano. Anatulutsanso ulusi woyera.

"Ika masamba m'malo mwake," anatero amayi.

Kabatani anaika.

"Ndigwira ine. Iwe baya apa."

Kabatani anabaya.

"Koka pang'onopang'ono. Pepala si nsalu."

Kabatani anakoka pang'onopang'ono. Anasoka kumsana. Sanasoke kukamwa. Anamanga mfundo. Anadula ulusi ndi kasizasi.

A Magalasi anatenga buku. Analitsegula. Linatseguka. Analigwedeza. Palibe tsamba limene linagwa. Mfumu inali itakwera chombo chake.

A Magalasi anatsegula kabati. Anatulutsa khadi lachikasu.

"Nali khadi lako," anatero. "Lero utenga buku liti?"

Kabatani analoza buku la bakha.

"Lomweli? Koma walimaliza."

"Ababa sanaliwerenge," anatero Kabatani.

A Magalasi anadinda. Pha!

Kunyumba anapeza abambo atabwera kuntchito. Anali atakhala pampando, nsapato atavula.

"Ababa, tiwerenge," anatero Kabatani.

Anakwera pamiyendo pawo. Amayi anakhala pamakina. Koma makina sanalire. Amayi ankamvetsera.

Abambo anawerenga. Mphepo inaulutsa chipewa. Chipewa chinadutsa paminga. Bakha anaima pakhomo la phanga. Dzanja linatuluka mumdima.

"Mayo ine!" anatero abambo. "Chimenechi n'chiyani? Mkondo? Tseka! Tseka msanga!"

Amayi anayang'ana Kabatani. Kabatani anayang'ana amayi. Onse anaseka.

"Nanga timabowoti?" anafunsa abambo. "Mwalowa njenjete?"

"Njenjete yake ndi imene mwainyamulayo," anatero amayi.

Kabatani anagwira thumba la diresi. Khadi linalimo. Kenako anagwira chala cha abambo. Anachiika pakona ya tsamba.

"Ababa, musaope," anatero. "Ine ndili pano. Tembenuzani. Bakha akudikira."

Abambo anatembenuza tsamba.