Kalata Imene Zaida Anabisa

Pakhomo pa a Bonifácio ku Furancungo panali pa mtendere. Bambowa ankalima mbatata ya kachewere ndi nyemba, Lamulungu n'kumatsogolera kwaya kutchalitchi. Akazi awo, a Marta, ankagulitsa pamsika. Mwana wawo wamkazi anali mmodzi yekha, Zaida, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anamulera m'mapemphero. Pakhomopo pankakhalanso Domingas, mwana wa mnzawo wa a Marta wa ku Chidzolomondo, poti kumudzi kwawo shikola ya sekundariya ili kutali. Atsikana awiriwa ankagona pamphasa imodzi ndi kutunga madzi limodzi, mpaka alendo ankayesa kuti ndi obadwa bere limodzi.

Amene anabweretsa masewera a kiriketi pashikola yawo anali apurofesori Felisberto, omwe anawaphunzira ku Maputo. Poyamba anthu ankaseka kuona atsikana akumenya kampira kolimba ndi thabwa, koma posakhalitsa anayamba kubwera kudzaonerera. Chaka choyamba panalibe wina woponya mpira ngati Zaida. Chaka chachiwiri Domingas anamupitirira. Mpira wake unkanjanja pansi n'kukhota, timitengo titatu toimika kumbuyo kwa womenya n'kugwa iye asanadziwe n'komwe.

Tsiku lina a Marta anamuitana Zaida kuseri kwa nkhokwe.

"Mwanangu, ndakhala ndikukuona. Anthu akamamutama mnzako, iwe nkhope imagwa. Imeneyo ndi nsanje, ndipo ikakhazikika mumtima sikhala chete."

"Aa, amayi, ine nsanje ndi Domingas? Ndangotopa chabe."

"Ngati ndi kutopa, ukapume. Koma ngati ndi chinacho, ukapemphere."

Zaida sanapemphere.

Nthawi ya feriya, yotsekera shikola, itayandikira, kunabwera nkhani yoti ku Tsangano kudzakhala mpikisano wa atsikana a mayiko atatu: Mozambique, Malawi ndi Zambia. Masewera anayenera kuyamba Loweruka, ndipo ikipa ya osewera a ku Furancungo inapangana zodzanyamuka Lachisanu m'mawa. Kunamvekanso kuti kudzabwera akuluakulu a masewera ochokera ku Tete kudzasankha atsikana oti akaimire chigawo chonse. Domingas anapita kwawo kukathandiza kukolola, atalonjeza kuti adzabwera Lachinayi.

Patangotsala sabata imodzi, masiku anasintha. A ku Zambia anati ayenera kubwerera msanga, choncho okonza mpikisano anati uyambe Lachinayi n'kutha Loweruka. Galimoto inayenera kunyamuka Lachitatu. Lamulo linali loti wosewera aliyense aonekere yekha m'mawa wa tsiku loyamba kuti dzina lake lilowe m'kaundula.

Kumudzi kwa Domingas foni sigwira. Apurofesori Felisberto analemba kalata n'kumupatsa Zaida.

"Iwe ndiwe m'bale wake. Ukaipereke lero kwa a mota, a njinga zamoto aja, opita ku Chidzolomondo. Usachedwe nayo."

Panjira yopita pamene amaima a mota, Zaida anakumana ndi Sónia, mnzake wa m'kalasi amene anasiya kiriketi atalephera kusankhidwa. Atamva za kalatayo, Sónia anaseka.

"Ndiye ukuthamangira kukadziitanira wokulanda malo? Iwe ndiwe wopusa eti? Akuluakulu a ku Tete akadzamuona Domingas, iwe sadzakuyang'ana n'komwe."

"Koma andituma."

"Makalata angati amasowa panjira? Ndani adzadziwe? Sukumumenya, sukumubera. Ungokhala chete basi. Amadya kwanu, amagona kwanu, ndiye atengenso ulendo wako wa ku Tete?"

Zaida anaima kanthawi akuyang'ana amota akumangirira katundu. Kenako anapinda kalata ija, n'kuilowetsa pansi penipeni pa chikwama chake.

Atafika kunyumba, a Bonifácio anafunsa: "Ndamva kuti tsiku lasintha. Uthenga wapita kwa mnzako?"

"Wapita, ababa."

"Wachita bwino. Munthu akakukhulupirira n'kukutuma, usamamugwiritse mwala."

Lachitatu m'mawa atsikana onse anakwera galimoto, koma Domingas kunalibe. Apurofesori anadikira ola lathunthu akuyang'ana kumsewu.

"Zaida, kalata ija unaiperekadi?"

"Ndinaipereka. Koma ndamva kuti makolo ake amukaniza, akuti chimanga chikadali m'munda."

Bodza lachiwirili linatuluka mosavuta kuposa loyamba, moti Zaida mwiniwake anadabwa. Apurofesori anapukusa mutu mokhumudwa n'kuuza woyendetsa kuti anyamuke.

Ku Tsangano kunkazizira, koma anthu anadzaza kampu, bwalo la masewera. Ana a shikola zozungulira anabwera m'mizere, alimi anasiya minda, ena anaoloka kuchokera ku Ntcheu kudzachemerera ana awo. Masewera oyamba anali ndi a ku Malawi. Zaida anapatsidwa mpira kuti ayambe, chinthu chimene ankachilakalaka. Koma sizinamuyendere. Mpira woyamba unapita kumbali. Wachiwiri womenya wa ku Malawi anaumenya mpaka unakagwera m'munda wa kabichi kuseri kwa kampu. Paliponse pamene ankatembenuka, ankangoona malo amene Domingas akanaima. A ku Furancungo anagonja moipa. Lachisanu m'mawa anasewera ndi atsikana a pa Tsangano pomwepo, n'kugonjanso. Akuluakulu a ku Tete analemba mayina anayi, onse a ku Tsangano, ndipo masana omwewo anakwera galimoto yawo n'kumapita.

Dzuwa litapendeka, shapa, minibasi yonyamula anthu, inaima pafupi ndi kampu. Munatsika Domingas, fumbi lili mbuu, akutsimphina. Pambuyo pake panatsika a Marta. Domingas anali atayenda wapansi mtunda wautali Lachinayi kuti akapeze mota, n'kufika ku Furancungo anzake atapita kale. A Marta atamva kuti kalata sinafike, sanayankhule zambiri. Anangomanga chitenje n'kumuperekeza.

Apurofesori Felisberto atamuona, anakwiya.

"Wabwera kudzatani tsopano? Ndinakulembera kalata ndi dzanja langa. Anzako achita manyazi masiku awiri chifukwa cha iwe!"

Domingas anagwada pafumbi pamaso pa atsikana onse.

"Pepani, apurofesori. Kalata sindinaione. Mwina a mota anaitaya, kapena anaipereka kwa wina. Ndikanamva, ndikanabwera ngakhale wapansi."

Okonza mpikisano anati dzina lake mulibe m'kaundula, sangasewere. Domingas anapukuta misozi, n'kupita pamene panakhala Zaida. Anamasula kansalu n'kutulutsa mtedza wokazinga.

"Amayi anga akupatsira uwu. Pepa, m'bale wanga, ndakusiya wekha. Ndamva kuti anakuvutitsa a ku Malawi."

Zaida analandira mtedzawo koma sanathe kuudya. A Marta anabwera n'kukhala pambali pake, n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Ndafunsa amota onse a ku Chidzolomondo. Palibe amene anakuona. Ine sindiuza munthu, chifukwa mlanduwu si wanga. Koma taona mapazi a mwana uja. Ukakhala chete lero, udzakhala munthu wotani mawa?"

Zaida anayang'ana. Mapazi a Domingas anali otupa, chidendene chimodzi chitang'ambika. Anatsegula chikwama, n'kupisa mpaka pansi, n'kutulutsa kalata ija ili yomatabe. Anaimirira n'kupita kwa apurofesori.

"Apurofesori, kalata yanu ndi iyi. Sindinaitumize. Ndinaibisa dala kuti Domingas asabwere, kuti a ku Tete andione ine. Za makolo ake zija ndinanamanso. Iye alibe mlandu."

Mtsikana wina anatukwana chapansipansi. Domingas anangomuyang'ana Zaida, kenako anatembenuka n'kukakhala patali.

Apurofesori anatenga kalatayo n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Anayamba apita kwa Domingas kukapepesa chifukwa chomukalipira. Atatero anauza Zaida kuti: "Zimene wanena apazi ukazinenenso pamaso pa okonza mpikisano. Tiye."

Zaida anakafotokoza zonse kachiwiri, pamaso pa alendo a mayiko ena, osabisa kanthu. Akuluakuluwo anakambirana, ndipo mayi wina wotsogolera a ku Zambia anati sichingakhale chilungamo kulanga mwana wosalakwa. Anagwirizana kuti dzina la Zaida lichotsedwe, m'malo mwake mulowe la Domingas.

Loweruka anthu anachuluka kuposa masiku onse, ena mpaka kukwera m'mitengo. Domingas anamanga chidendene ndi nsalu n'kusewera. Anatulutsa omenya asanu a ku Zambia, ndipo a ku Furancungo anapambana kwa nthawi yoyamba. Zaida anaonerera ali kunja kwa mzere, atavala zovala wamba. Anawomba m'manja mpaka manja kuwawa, koma ankadziwa kuti ofunika kumuona Domingas anali atapita dzulo lake. Mwayi umenewo anauwononga ndi iye, ndipo kulira kwake sikukanaubweza.

Atabwerera kwawo, a Bonifácio sanamumenye. Anangoti: "Unandinamiza ine, unanamizira makolo a mnzako. Mawa tikupita ku Chidzolomondo, ukanene wekha."

Anapitadi. Zaida anagwada pabwalo pamaso pa bambo ndi mayi a Domingas. Bambowo anati mwana wawo sabwereranso kunyumba imene amamuchitira zotero. Koma Domingas anayankhula.

"Ababa, ndibwerera. Zandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Koma akanatha kuitaya kalata ija m'chimbudzi, ine n'kukhala wolakwa mpaka kalekale. Wanena yekha."

Ubwenzi wawo sunabwerere tsiku limodzi. Miyezi iwiri yoyamba ankagona mofulatirana, kuyankhulana kwake kongofunsana mchere ndi ndowa. Apurofesori anamuletsa Zaida kusewera chaka chonse, koma anamupatsa ntchito yodziwitsa atsikana masiku ndi malo a masewera. Anthu ena anadabwa, apurofesoriwo n'kuti: "Pamene anagwera ndi pomwe adzukire." Zaida ankalemba masikuwo pabolodi, n'kuyenda khomo ndi khomo kwa amene sanabwere kushikola. Sónia atayesa kumuseka kuti wasanduka mtumiki wa anzake, Zaida anamuuza kuti asadzamuyankhulenso za Domingas.

Chaka chotsatira mpikisano unachitikira ku Furancungo komweko. Akuluakulu a ku Tete anabweranso, ndipo dzina loyamba kuitanidwa linali la Domingas. La Zaida silinaitanidwe. Iye ndiye anamunyamulira chikwama mpaka pokwerera shapa, ndipo Domingas asanakwere anamukumbatira n'kuti: "Uzichita khama, m'bale wanga. Ndikakudikira kumeneko."

Inu ana a shikola ndi achinyamata a mumpingo, chenjerani ndi nsanje. Imayamba ndi kuwawidwa mtima mnzanu akamayamikiridwa, kenako imakuuzani kuti kukhala chete si tchimo, ndipo mapeto ake mumanamiza ngakhale makolo anu. Zaida anachotsedwa pampikisano, ndipo anamutayitsa mnzake chaka chathunthu. Chimene chinamupulumutsa n'chakuti anaulula yekha nthawi isanatheretu. Ngati pali choona chimene mwabisira mnzanu, musadikire kuti akugwireni. Pitani mukamuuze lero.