Mole wa Anacleto Atakana Kuda

Anacleto Bautista anatuluka pachigayo cha ku Tlacolula nthawi itadutsa teni koloko usiku, ndowa ili paphewa. Galimoto yomaliza yopita kwawo ku San Marcial inali itanyamuka kalekale. Unali mwezi wa maukwati, ndipo amayi a m'chigwa monse anabwera kudzagayitsa tsabola wawo. Iye, mwamuna yekha pamzere, ankangopitiriridwa.

M'ndowamo munali phala la mole, msuzi umene ukwati sungachitike popanda iwo: tsabola wa mitundu inayi, chitowe, mtedza, nthochi, chokoleti ndi zina zambiri zogayira pamodzi. Mawa lake mwana wake Fidencio ankakwatira. Nkhukundembo khumi zinali zitaphedwa kale, anthu mazana awiri ataitanidwa. Mole wa paukwati amayenera kuda bii, kunyezimira ngati nthenga za khwangwala.

Wa Anacleto anali wofiirira ngati dothi la pachulu.

Kale pakhomopo wophika mole anali mkazi wake Hilaria, ndipo mudzi wonse unkadziwa dzanja lake. Papita zaka ziwiri chimwalirire. Ukwati utayandikira, achibale anauza Anacleto kuti aitane mayi wodziwa kuphika pamaphwando, koma iye anakana. Anali mmisiri woomba makapeti a ubweya wa nkhosa, ndipo utoto ankapanga yekha.

"Ndimatulutsa mitundu makumi anayi pa ubweya," anatero, "ndiye undikanike mtundu umodzi mumphika?"

Anatenga pepala limene Hilaria analembapo kaphikidwe kake n'kulitsatira mzere ndi mzere, kupatula umodzi. Mzerewo unkati njere za tsabola aziwotche mpaka ziyake moto. Munthu aliyense wa utoto amadziwa kuti chinthu chikapserera chawonongeka. Choncho njerezo anazithira m'chitini kuti adzapatse nkhuku.

Tsopano anayenda mumdima akuganiza za munthu mmodzi yekha: Macedonia, mayi wa mkwatibwi, wa m'mudzi wa Santa Inés. Macedonia anabadwira m'banja la ophika. Akalawa chinthu chosamukomera sankalankhula. Ankangokankha mbale pang'ono ndi chala chimodzi, ndipo nkhani ya mbaleyo inkakambidwa zaka khumi. Mawa akakankha, anthu sakanena za Anacleto ayi. Akanena kuti nyumba ya Hilaria inapita ndi mwini wake.

Apa m'pamene anakumbukira kathumba kamene kanali m'thumba la jekete. Masanawo anagula pamsika ufa wa utoto wakuda, wa nyemba za mtengo waminga, woti akanyikire ubweya. Si za kumtengo zomwe? Nanga tsabola sachokera kumtengo? Masipuni awiri okha akanakwana.

Anafuna malo opanda mboni. Msewu unadutsa m'minda ya khonje, kenaka unatsata khoma loyera la manda a ku Santa Inés. Anacleto sanali munthu wamantha, komabe pofika pamenepo anavula chipewa. Anatula ndowa pafupi ndi chipata, n'kuchotsa nsalu imene anavundikira.

Agalu amene ankauwa kutali analeka.

Mphepo inaima.

Kenaka fungo... fungo la tsabola wopserera, lokanda kukhosi. Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe moto. Panalibe utsi. Anamasula kathumba kaja.

Kuseri kwa khoma munthu anatsokomola.

Anacleto anauma. Anamvetsera. Zii.

Anapendeketsa kathumba pamwamba pa ndowa...

"Usayerekeze!"

Kathumba kanagwera pansi. Pachipata panaima mayi wokalamba, wamfupi ngati mtsuko, atafunda mpango wakuda. Tsitsi lake loyera linali lolukidwa ndi riboni yachikasu. Chipatacho chinali chomanga ndi unyolo, ndipo unyolowo sunalire.

"Mwaswera bwanji, mayi?" anatero Anacleto, mawu akutuluka ngati a mwana.

Mayiyo anayang'ana ndowa. Anayandikira, n'kuwerama, n'kupisa chala m'ndowa. Dzanja lake linali la zipsera zamoto, kachala kakumapeto kali koduka. Analawa. Anatseka maso ngati munthu amene walandira uthenga wamaliro.

"Mbuzi iwe," anatero. "Njere zili kuti?"

"Zili m'chitini, mayi. Ndimati nkhuku..."

"Nkhuku! Ndiye nkhukuzo ndi zimene zikukwatiwa mawa?"

Anacleto anafuna kufunsa kuti za ukwati wazidziwa bwanji. Koma mayiyo anamugwira pamkono. Dzanjalo linali lozizira ngati mwala wa m'chitsime.

"Tamvera. Ukafika, uike chiwaya panja, osati m'nyumba. Njere zonse, ndi mikate yachimanga itatu youma. Uzisiye ziyake. Lawi lizime lokha."

"Zipsereratu, mayi."

"Anthu oyandikana nawe akapanda kukutukwana, ndiye kuti sizinapse. Ukatero uzitsuke katatu, madzi owawawo utaye. Upere pamphero. Osati kuchigayo, pamphero! Mkazi wako akuchita manyazi."

"Mkazi wanga anamwalira, mayi."

"Ndani sakudziwa? Ndiye n'chifukwa chake uzimuchititsa manyazi?"

Analawanso, n'kupukuta chala pa jekete ya Anacleto.

"Mcherenso wachepa."

Anatembenuka kulunjika kuchipata. Atayenda mapazi awiri anaima, osacheuka.

"Mkazi wako akuti akanabwera yekha, koma mukanakangana mpaka kucha."

Anacleto anawerama kuti atole chipewa chimene chinagwa pansi. Podzuka... panalibe munthu. Unyolo uli chimangire. Mitanda ili ndii kuseri kwa khoma. Kenaka, patali, pakati pa manda penipeni, chifuwa chija chinamvekanso.

Anathamanga! Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndowa ili paphewa, nsapato imodzi itatsala m'njira. Koma phalalo silinatayike ngakhale dontho.

Anafika kwawo tambala woyamba asanalire. Sanadzutse aliyense. Anakoleza moto pabwalo, n'kuika chiwaya chadothi cha Hilaria, n'kukhuthulamo chitini chonse pamodzi ndi mikate itatu. Njere zinayamba kuthetheka. Zinada. Zinagwira moto. Mtima wake wa munthu wa utoto unamuuza kuti aphule msanga, koma anaika manja kumbuyo n'kudikira.

Utsi unakwera, n'kuwoloka mpanda. Agalu anayamba kuyetsemula. Alendo amene anagona pakhonde anadzuka akutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Komabe palibe amene anatukwana, poti anali alendo. Anacleto anada nkhawa. Anakupiza utsi ndi chipewa kulozetsa kwa Epifanio, mnzake wa kuseri kwa mpanda.

Zenera linatseguka mwamphamvu.

"Anacleto, galu iwe! Ukufuna ukwati ndi maliro zichitike tsiku limodzi? Ukuwotcha matayala kapena apongozi ako?"

"Zikomo, achimwene!" anakuwa Anacleto mosangalala. "Zapsa!"

Anatsuka katatu. Anagwada pamphero ya mkazi wake, imene inakhala zaka ziwiri itatsamira khoma, n'kupera mpaka mawondo kuchita dzanzi. Pamene kunkacha n'kuti akukazinga phala m'mafuta a nkhumba, mumphika waukulu wadothi, akuthira msuzi wa nkhukundembo pang'onopang'ono. Anatakasa maola anayi. Mole anada. Anada mpaka Anacleto anaona nkhope yake momwemo, ndipo sinali nkhope yosangalatsa.

Masana, anthu atabwera kutchalitchi, oimba malipenga atatopa, mbale zinayamba kuyenda. Yoyamba inapita kwa Macedonia. Anang'amba mkate wachimanga, n'kusunsa, n'kuika m'kamwa. Anthu a patebulo lonse ananamizira kuyang'ana kwina.

Chala chija sichinasunthe.

Anasunsanso. Kenaka anakweza maso.

"Asewere, tabwerani kuno. Waphika uyu ndani?"

"Ndine, asewere."

"Musandinamize pa ukwati wa mwana wanga. Hilaria ndinkamudziwa, mole wake ankatsekemera kumapeto. Uyu akuluma kaye, kenaka n'kupepesa. Mikate mwawotcha ingati?"

"Itatu."

"Kutsuka?"

"Katatu."

Macedonia anaika mkate pansi. "M'chigwa muno aliyense amatsuka kawiri. Wakuuzani ndani?"

Anacleto anafotokoza motsitsa mawu, za utoto zokha ndi zimene anabisa. Anati anakumana ndi mayi wina wa kwawo komweko ku Santa Inés, wamfupi, wa riboni yachikasu, wachifuwa, kachala kakumapeto koduka.

"Anakutchulani chiyani?"

"Pepani, asewere, pali anthu."

"Nenani."

"Mbuzi."

Macedonia anachita chizindikiro cha mtanda. Azakhali awiri amene anakhala pambali pake anachitanso chimodzimodzi, mmodzi mpaka kugwetsa supuni.

"Amenewo ndi amayi anga, a Crescenciana," anatero. "Kachalako kanatsala pachigayo cha ku Tlacolula ine ndili wakhanda. Anaphikira maukwati a m'chigwa muno zaka makumi anayi. Tinawaika m'manda aja zaka khumi ndi zinayi zapitazo, mkwatibwiyu ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankanena kuti mole wa pa ukwati wa mdzukulu wawo adzaphika okha, wina asadzakhudze. Ife tinkangoti ndi nkhani za odwala."

Anacleto anakhala pansi, pampando wa munthu wina. Anayang'ana pa jekete yake. Banga la chala linali pomwepo, lofiirira, pamwamba pa thumba. Wina anamupatsa kachasu wa khonje, ndipo anamwa osafunsa kuti ndi wa ndani.

Macedonia anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Anayang'ana mwana wake amene ankavina pakati pa bwalo.

"Atalawa anati chiyani?" anafunsa. "Moyo wawo wonse sanayamikirepo mphika wa munthu, ngakhale wanga."

"Anati mchere wachepa."

"Ndiye munawonjezera?"

Anacleto anawerenga pazala. Njere anakumbukira, mikate anakumbukira, mphero anakumbukira.

Macedonia anasunsa kachitatu, n'kutafuna pang'onopang'ono, misozi ikutsikira m'mbale.

"Ndi iwowo," anatero. "Tandipatsirani mcherewo, mbuzi inu."