Wothamanga wa m'Bwato

Pakhomo pa a Stanley ndi mayi Rute, m'mudzi wina cha ku Senga Bay, panalibe chuma koma panali ulemu. A Stanley anali mkulu wa mpingo. Ankagula usipa kwa asodzi n'kukagulitsa kumtunda, ndipo mbale yawo yoyezera inkadzaza chimodzimodzi kwa wolemera ndi kwa wosauka. Nkhondo yaikulu itangotha, anatumiza ana awo awiri, Elliot ndi mng'ono wake Christopher, kusukulu ya mishoni ya anyamata yogonera komweko.

Tsiku lonyamuka bambowo anamuitanira pambali wamkuluyo.

"Iwe Elliot, mng'ono wakoyu ndakusungitsa. Ukadzabwera utalephera mayeso ndidzakulandira. Koma usadzandibweretsere bodza pakhomo pano."

"Ndamva, bambo."

Anamva chiyani ameneyo? Mawu analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Elliot anali ndi miyendo yaitali, ndipo pampira ankathamanga bwino ndithu. Sukulu yawo itagonjetsa anyamata a ku Salima, anzake anamunyamula paphewa akuimba dzina lake, ndipo kutamidwako kunamulowa m'mutu. Koma liwiro lenileni linali ndi Masiye, mnyamata wosalankhulalankhula wa kwa Maganga, amene m'mawa uliwonse ankathamanga pamchenga anzake akukokabe zofunda. Elliot ankamuda mnyamatayu popanda chimene anamulakwira.

Nyengo yozizira inali ya mpikisano waukulu wa chaka. Othamanga ankachokera pageti la sukulu, n'kuzungulira dziwe lalikulu la bango, n'kukafika pamlambe pamene mphunzitsi ankawalemba choko padzanja, kenaka n'kubwerera ndi njira ya kumtunda. Wopambana ankalandira bulangete lofiira, ndipo dzina lake linkatuluka m'nyuzi ya mishoni imene inkawerengedwa m'mipingo yonse.

Kutangotsala pang'ono kuti mpikisanowo uchitike, Elliot anakumana ndi Fletcher kudooko. Fletcher ameneyu anachotsedwa sukulu chaka chapitacho chifukwa cha mowa, ndipo tsopano ankangoyendayenda ndi bwato la amalume ake.

"Ndamva kuti bulangete ndi la Masiye," anatero Fletcher akuseka. "Iwe ndiwe wongomuperekeza."

"Wakuuza ndani?"

"Aliyense akudziwa. Koma ndiwe chitsiru bwanji? Dziwe limene inu mumalizungulira mpaka malilime kunja, ine ndimalidutsa fodya wanga asanathe. Ulowe m'bango pokhota paja, undipeza. Ugone pansi m'bwato, ndikakutsitsa pafupi ndi mlambe."

"Nanga akandiona?"

"Akuone ndani, achule? Bulangetelo tidzafunda tonse."

Zinachitikadi momwemo. Pokhota paja Elliot anatsalira dala m'mbuyo, n'kulowa m'bango. Pamlambe anafika woyamba, mphunzitsi n'kumulemba choko akumuyamikira. Pageti anafikanso woyamba, sukulu yonse ikukuwa. Masiye atafika, thukuta lili kamukamu, anamuyang'ana modabwa.

"Wandipitirira pati, Elliot? Ine sindinakuone."

"Umathamanga utatsinzina," anayankha Elliot mokalipa. "Ukagonja uzingovomera."

Masiye anangomugwira chanza n'kupita kukamwa madzi.

Tsiku la mphoto linali la chikondwerero. Ena analandira sopo chifukwa cha ukhondo, ena Baibulo chifukwa cha masamu, ndipo mphunzitsi wamkulu anawerenga nkhani za chakacho: za mpira, za kwaya, za denga latsopano la kalasi. Atafika pa Elliot ananena kuti chikhalire sukuluyo palibe anathamangapo chotero. Christopher anaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira, akuuza aliyense kuti, "Ndi achimwene anga amenewo." Ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa mwanayo ankanyadira wakuba.

Bulangetelo silinakhalitse. Fletcher analitenga n'kukalisinthitsa ndi kachasu kwa mayi wina wotcheza, ndipo Elliot analawako koyamba tsiku lomwelo. Analawanso Loweruka lotsatira. Posakhalitsa ankazemba ngakhale pakati pa sabata. Kuthamanga anasiyiratu. Athamangirenji pomwe nyuzi inali itanena kale kuti ndiye katswiri?

Patchuthi mayi ake anamva fungo. Bambo ake anali atamvanso zina kwa asodzi.

"Elliot, khala apa," anatero a Stanley. "Asodzi akuti tsiku la mpikisano anaona munthu atagona m'bwato la Fletcher. Anali ndani?"

"Ine ndidziwa bwanji? Anthu ansanje amenewo."

"Nanga bulangete lili kuti?" anafunsa mayi Rute.

"Anandibera."

"Mwananga, ndinakubala ndine. Ukamanama maso ako amathawa. Ngati mphotoyo si yako, pita ukanene. Manyazi sapha munthu."

Elliot anadzuka mwaukali. "Makolo ena ana awo akapambana amawaphera nkhuku. Inu mukundizenga mlandu. Simunaone dzina langa m'nyuzi?"

"Dzina ndaliona," anatero bambo ake. "Koma tsiku lina anthu adzafuna miyendo yako, osati dzina."

Elliot anatuluka akung'ung'udza, ndipo madzulo ake anali kale kwa Fletcher.

Chaka chikupita kumapeto, mvula inayamba ndi ukali. Misewu inasanduka phala. Tsiku lina m'mawa, anyamata akupalira m'munda wa sukulu, kunamveka kukuwa. Christopher anali ataponda mphiri, ndipo inamuluma pamwamba pa kakolo. Anamunyamulira pakhonde la kalasi mwendo ukutupa anthu akuona.

Mphunzitsi wamkulu anali atapita kumsonkhano ndi njinga yamoto. Njinga yakapalasa sikanayenda m'matope amenewo. Mankhwala a njoka anali kuchipatala cha kufupi ndi boma, ndipo panafunika munthu wothamanga kuti akaitane dokotala. Mphunzitsi amene anatsala sanaganize kawiri.

"Elliot ali kuti? Mulungu ngwabwino, tili ndi katswiri pano."

Masiye anabwera kutsogolo. "Aphunzitsi, ndiloleni ndipite ine. Njirayo ndimaidziwa."

"Iwe unali wachiwiri. Apa pafunika woyamba."

"Ndiye tipite tonse awiri."

Mphunzitsi anatembenukira kwa Elliot. Apa ndiye panali pamene mnyamatayo akanapulumutsira mng'ono wake. Mawu amene akanayenera kunena anali ochepa: tumani Masiye, ine ndinakwera bwato. Mutu unkamuwawa ndi kachasu wadzulo, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti chichitikire mpikisano uja sanathamangepo. Anayang'ana anyamata onse amene ankamuyang'ana, nayang'ananso Christopher.

"Pitani inuyo, achimwene," anatero mwanayo akubuula. "Mufika msanga."

"Masiye atsale," anatero Elliot. "Angondichedwetsa ameneyu."

Mwamva kunyada kwake? Mng'ono wake ali gone pakhonde, iye akuteteza bulangete limene linali litamwedwa kale.

Ananyamuka ndi liwiro loti anthu amuone. Atangobisika kuseri kwa minda, chifuwa chinayamba kutentha. Asanafike n'komwe pakati pa ulendo, m'nthiti munamubaya, miyendo inalemera, ndipo anagwada m'matope n'kusanza. Anadzuka, nathamanga pang'ono, nagwanso. Anakhala pansi pa mtengo akulira, akutukwana Fletcher, akutukwana mvula, akutukwana njoka. Kumeneko kunalibe bango lobisalamo kapena bwato lomuwolotsa. Ulendo wotsalawo anangoyenda wapansi ngati nkhalamba.

Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Dokotala anatenga chikwama chake msangamsanga, koma anamufunsa ali m'njira.

"Yamuluma nthawi yanji?"

"M'mawa."

"M'mawa? Nanga tsiku lonseli unali kuti? Kusukulu kwanu kulibe wina wothamanga?"

Elliot anangotsogola, maso ali panjira.

Atayandikira sukulu anamva anyamata akuimba nyimbo ya maliro. Masiye ndiye anawachingamira pageti, maso ali ofiira. Anati Christopher anapirira mpaka masana ndithu, ndipo nthawi yonseyo ankafunsa ngati achimwene ake afika.

Maliro anakaikidwa kumudzi. Anthu ankamupepesa Elliot, ena n'kumamuyamikira kuti anayesetsa, ndipo mawu amenewo ankamuwotcha kuposa kumutukwana. Anthu atabalalika, Elliot anapita kwa makolo ake kuseri kwa nyumba, nagwada, n'kuulula zonse: za bwato, za bulangete, za kachasu, ndi mawu amene ananena pakhonde paja.

Mayi Rute anafundira chitenje kumutu n'kuyamba kulira mwatsopano. A Stanley analankhula akuyang'ana kumbali.

"Ndikufunsa chinthu chimodzi, ndipo lero usandinamize. Masiye akanafika nthawi yabwino?"

"Akanafika, bambo."

"Ndipo iwe unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye mwana wanga sanafe ndi njoka yokha," anatero bambowo. "Mawa upite kusukulu, ukaime pamaso pa anzako onse, ukanene zimene wandiuzazi. Mulungu amakhululuka, ndipo ine ndidzayesa. Koma usandiumirize kuti ndikuyang'ane lero."

Elliot anapitadi, nakaulula pamaso pa sukulu yonse. Dzina lake linafufutidwa, la Masiye n'kulembedwa, ndipo iye anachotsedwa sukulu. Fletcher atamva anangoti, "Ine ndinangomuwolotsa, sindinamutume," n'kupalasa bwato lake. Elliot sanamwenso mowa moyo wake wonse, koma kulapa kwakeko sikunadzutse munthu m'manda.

Ana inu, tamverani. Musamati bodza la pamasewera ndi laling'ono. Ulemu umene mwaba umachititsa anthu kukudalirani pa chimene simungathe, ndipo tsiku limene adzakudalireni, wovutika sadzakhala inu nokha. Ngati mwanama, ululani lero anthu akuseke, chifukwa Elliot anaopa kusekedwa ndipo anaika mng'ono wake m'manda.